Boma limodzi, nyengo ziwiri: phunziro la mapiri a Dedza

Nthambi yoona zanyengo ikalengeza momwe mvula igwere m'dzinja, alimi ambiri amatchera khutu kuti amve dzina la boma lawo. Koma kwa anthu a ku Dedza, dzina la boma palokha siliuza mlimi zonse, pakuti bomali lili ndi nyengo ziwiri zosiyana kwambiri. Ulosi umene ungathandize mlimi wa ku Bembeke ukhoza kusocheretsa mnzake wa ku Mtakataka.

Gwero la kusiyanaku ndi kukwera kwa malo. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pamalekezera madzi a nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Koma munthu akatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere n'kufika ku Golomoti, amakhala ali m'chigwa cha mamita 500 ndi mphambu zochepa. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Choncho tsiku lomwelo, ola lomwelo, kumtunda ndi kuchigwa kukhoza kusiyana ndi madigiri 7.

Mapiri sachita izi paokha. Amagwira ntchito ndi mphepo. M'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, mphepo yozizira yochokera kummwera chakummawa, ku nyanja ya India, imalowa m'dziko muno kudzera ku Mozambique. Asodzi a panyanja ya Malawi amaidziwa ngati mwera. Ikabwera ndi chinyezi chambiri imadzetsa chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone m'dziko la Mozambique. Mphepoyi ikagunda mapiri imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, ndipo chinyezi chake chimasanduka chifunga ndi mawawa. N'chifukwa chake oyendetsa galimoto pamsewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza amayatsa magetsi dzuwa litatuluka kale, pomwe ku Golomoti kukuwala. Malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022 ali kuchigwa komweko.

M'dzinja zinthu zimatembenuka. Kuyambira mu Novembala, mzere umene mphepo za kumpoto ndi za kummwera zimakumanirana umatsikira kuno, ndipo mpweya wonyowa wochokera ku nkhalango za Congo umalowa kuchokera kumpoto chakumadzulo. Mvula yambiri ya chigawo chapakati imachokera mu zinthu ziwirizi. Zikachedwa kapena zikafooka, kumagwa ng'amba. Izi n'zimene zinaoneka m'nyengo ya 2023/24, pamene madzi a nyanja ya Pacific anatentha mopitirira muyeso, zimene akatswiri amazitcha El Niño. Mu Malichi 2024, Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi.

Ng'amba siluma mofanana ponseponse. Kuchigwa, kumene dzuwa limaswa mtengo, nthaka imauma msanga ndipo chimanga chimafota m'masiku ochepa. Kumtunda chinyezi chimakhalitsa chifukwa kumazizira, koma nako kuli mavuto ake. Chimanga chimachedwa kukhwima, chisanu chimawaula mbewu za m'madimba mu Juni ndi Julayi, ndipo chifunga chikachuluka matenda a chiwawu amawononga mbatata ya kachewere ndi matimati.

Nkhaniyi ikukhudzanso anthu a m'mizinda. Gawo lalikulu la kachewere, kabichi ndi nyemba zimene zimagulitsidwa m'misika ya Lilongwe ndi Blantyre limachokera m'mapiri a Dedza, Ntcheu ndi Angonia kutsidya kwa malire, omwe ndi mtunda umodzi wokhala ndi nyengo yofanana. Nyengo ikavuta kumeneko, wogula tchipisi ku Area 25 kapena ku Ndirande amazionera pamtengo.

Palinso chingwe china chomanga mtunda ndi chigwa: madzi. Mitsinje monga Nadzipulu, Namikokwe ndi Livulezi imatsika m'mapiri kulowera kunyanja. Sikimu ya mthirira ya Bwanje, kumene alimi amalima mpunga, imadalira madzi a Namikokwe. Pamene nkhalango ya Dedza-Salima ndi mitengo ya m'matsitso zikutha chifukwa cha makala ndi kutsegula minda, mvula yogwa kumtunda silowanso pansi. Imathamanga ndi dothi n'kukasefukira kuchigwa, ndipo m'chilimwe mitsinje yomweyo imaphwa msanga. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Namondwe wa Freddy, amene anapha anthu mazanamazana m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, anaonetsa zimene zimachitika mvula yamphamvu ikagwa paphiri lopanda mitengo.

Nthambi yoona zanyengo yakhala ikutulutsa ulosi wa boma lililonse kuwonjezera pa wa dziko lonse, ndipo iyi ndi sitepe yabwino. Chotsala n'chakuti uthengawo uzifika kwa mlimi utagawidwa potengera kukwera kwa malo. Alangizi a zaulimi ayenera kuuza wa kuchigwa za mbewu zocha msanga ndi zopirira ku ng'amba monga mapira ndi chinangwa, ndipo wa kumtunda amve za nthawi yotetezera kachewere ku chiwawu. Ogulitsa mbewu ndi okonza mapulogalamu a zipangizo zaulimi nawonso asamatumize mtundu umodzi wa chimanga m'boma lonse.

Palibe amene angaletse mwera kuwomba kapena kusuntha phiri la Dedza. Chimene khonsolo, mafumu ndi alimi angathe n'kuteteza mitengo ya m'matsitso, kuika zoyezera mvula kumtunda ndi kuchigwa komwe, ndi kubzala mbewu zogwirizana ndi malo amene munda uli.