MUNDA WOPANDA NKHOKWE

M'midzi yozungulira nkhalango ya Kuti, pakati pa boma la Salima ndi gombe la Senga Bay, mwamveka mau akuti magetsi a dzuwa ndi bodza la amalonda. Onena mauwa sali anthu abodza ai. Ndi anthu amene anagulitsa mpunga kapena mbuzi, nagula galasi lija la sola, nalikweza padenga. Koma isanathe miyezi yambiri nyumba inabwerera mumdima. Ndalama zao zinapitadi, koma mlandu auika pa wosalakwa. Dzuwa la ku Salima silinanamize munthu. Cimene cinafa ndi batire, ndipo anaipha ndi mwini wace pamodzi ndi wogulitsa.

Sola iri ngati munda, batire iri ngati nkhokwe. Munda upatsa cakudya pa masika pokha, koma anthu adya caka conse. Sola ipanga magetsi usana wokha, koma nyale ifunika usiku. Ndani angatamande mwamuna wolima maekala asanu amene aunjika cimanga cace pabwalo kuti mvula ndi ciswe zigawane? Komatu ndimo acitira ambiri: ndalama zonse azithera pa galasi lalikuru loti anansi alione, ndipo zotsala agulira batire yakale ya galimoto.

Ngakhale akuluakulu a magetsi adziwa kuti dzuwa silikhala usiku. M'mwezi wa Novembala 2021 anatsegula munda waukuru wa sola ku Nanjoka, m'boma lomweli la Salima, wopanga mamegawati 60. Megawati imodzi ndiyo mawati miliyoni imodzi. Koma dzuwa likalowa magalasi onsewo agona, ndiyo nthawi imene dziko lonse liyatsa nyale. Cifukwa cace pomanga munda wina ku Golomoti m'boma la Dedza, umene unayamba nchito mu 2022, anaikapo mabatire okhoza kupereka mamegawati 5 kwa maora awiri. Ngati eni cuma sananyoze nkhokwe, kodi wosauka ainyoza bwanji?

Batire ya galimoto anaipangira nchito yina. Ipereka mphamvu yaikuru kamphindi kocepa kuti ilize injini, ndipo injini ikalira iibwezera mphamvuyo pomwepo. Mapale ace a mtobvu m'katimo ndi opyapyala. Kuikama usiku uli wonse kufikira nyale itacita cizirezire kuli ngati kumanga galu wosaka pa ngolo ya ng'ombe. Adzakoka masiku owerengeka, kenaka adzagona osadzukanso. Batire ya sola iri ndi mapale ocindikala opirira kukamidwa pang'onopang'ono. Ngakhale iyo, ikakhala ya mtobvu, siifuna kutsika kupitirira theka. Ya lithium ipirira koposa, ndipo ikhala zaka zambiri, koma mtengo wace ndi wokwera.

Pakati pa sola ndi batire payenera kukhala kabokosi kaja kamene amisiri akacha kontolola. Ndiko mlonda wa pakhomo pa nkhokwe. Usana batire ikadzala katseka njira, kuti madzi a m'batire angawire naphwa. Usiku mphamvu ikacepa kazimitsa nyale, kuti batire ingakamidwe yonse. Pano ndipo pali cinthu comvetsa cisoni. Mabanja ena anagula kabokosiko, koma tsiku limene kanazimitsa kanema mpira uli pakati, bambo anakwiya, nacotsa waya, naulumikiza ku batire mwacindunji. Mpira anauonadi mpaka kutha. Batire nayonso inatha caka cisanathe.

Wowerenga amene waphunzira kuwonkhetsa angathe kudziwerengera yekha, asanapereke ndalama kwa munthu ali yense. Babu la wati imodzi likayaka ora limodzi, limenelo likhale muyeso umodzi. Batire yolembedwa 12V ndi 100Ah isunga miyeso 1,200, ndipo yololedwa kutapa ndi theka, ndiyo 600. Mababu anai a mawati 5 oyaka maora asanu adya miyeso 100. Kanema wa mawati 40 kwa maora anai adya 160. Zonse pamodzi ndi 260, ndipo nkhokwe ikali ndi cakudya ca tsiku la mitambo. Koma simbi yositira zobvala, ya mawati 1,000, idya miyeso 500 pa theka la ora lokha. Sola ya pakhomo yaing'ono siiphika nsima, siisita malaya. Wogulitsa amene anena kuti itero ndi wakuba, ngakhale abvale tayi.

Ogulitsa otere alipo ndithu. Ena alemba mawati 200 pa galasi losakwana theka lace. Ena apereka waya woonda umene utaya mphamvu panjira nutentha pansi pa denga la udzu. Sachula kontolola, poopa kuti wogula akamva mtengo wonse adzabwerera. Bungwe la MERA, loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'Malawi, lipereka ziphaso kwa ogwira nchito imeneyi. Wogula ali ndi ufulu wofunsa ciphasoco, ndi kalata ya cipangano yonena miyezi imene katunduyo akaonongeka adzabwezedwa. Manyazi a pa sitolo adya mbuzi zambiri, ndipo akale ananena kale kuti safunsa anadya phula.

Wina adzati, "Batire yabwino ndi yodula, nanga wosauka atani?" Mauwa ndi oona, ndipo sayenera kunyozedwa, pakuti kawirikawiri batire iposa galasi mtengo. Koma wogula batire ya galimoto katatu sanapulumutse ndalama. Kuli bwino kuyamba ndi sola yaing'ono ya mababu atatu ndi pochajira foni, imene galasi, batire ndi kontolola anaziyesa pamodzi. Ziripo zotere zimene munthu alipira pang'onopang'ono pa foni mwezi ndi mwezi. Mwana wa Standard 8 afuna nyale yosazima, safuna galasi lalikuru.

Winanso adzati, "Ndidzadikira waya wa ESCOM." Waya ukafika ndi cinthu cabwino. Koma magetsi ambiri a dziko lino acokera mu mtsinje umodzi wa Shire, kuyambira pa Nkula pamene makina anayamba mu 1966. Mu Januwale 2022 namondwe dzina lace Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anazima koposa caka cathunthu. Masiku amenewo a m'tauni okhala pansi pa waya ndiwo anathamangira mabatire.

Zotsala nzacidule. Galasi lipenye kumpoto, lopendeka pang'ono, kutali ndi mthunzi wa mango. Ngakhale nthambi imodzi icepetsa magetsi kwambiri. Pfumbi la Okutobala alitsuke ndi madzi m'mamawa. Batire idana ndi kutentha kwa kunyanja, tsono ikhale pamalo ozizira opita mphepo, pa thabwa, kutali ndi moto ndi pogona ana. Yofuna madzi aithire madzi ace a m'botolo, osati a pa mjigo. Ndipo ikafa, asaiswe pabwalo pamene nkhuku zitola ndi makanda akwawa, pakuti mtobvu ndi ululu woononga nzeru za mwana. Aisunge yosaswa kufikira ataibweza kwa ogula mabatire akale.