MTIMA WABWINO WOKHA SUKWANIRA PA NTCHITO

Pamene kalaliki wagwidwa ndi ndalama za Boma, kapena mphunzitsi wapezeka ali kuonetsa ana mayeso, mau amene amveka m'maofesi ndi m'masukulu ndi amodzimodzi: munthuyo anali woipa mtima chiyambire, tsiku lake ndilo linachedwa kufika. Olankhulawo apeza mpumulo m'mau otere, pakuti ngati choipa chichokera mumtima woipa basi, ndiye kuti iwo amene adziwa kuti mitima yao njabwino alibe choopa. Komatu akatswiri ofufuza za maganizo ndi makhalidwe a anthu, amene akhala ali kuyesa nkhani imeneyi kwa zaka pafupifupi 100, apeza kuti munthu wamba, woleredwa bwino ndi wopemphera, asintha machitidwe ake molingana ndi malo amene ali, changu chimene ali nacho ndi anthu amene amzinga. Nkhani imeneyi njofunika kwa aliyense amene asunga kiyi ya ofesi kapena kaundula wa kalasi.

Ena mwa oyamba kuyesa nkhaniyi mwadongosolo anali Hugh Hartshorne ndi Mark May, amene anagwira ntchito yao ku Teachers College mumzinda wa New York ku America, nafalitsa zimene anapeza m'chaka cha 1928. Anthu awiriwa anapatsa ana a sukulu oposa 10,000 mpata wakunama, wakubera mayeso ndi wakutenga ndalama, anawo osadziwa kuti ali kuyesedwa. Njira imodzi inali yotere: ana atalemba mayeso, mapepala ao anali kukoperedwa mseri, kenaka ndi kubwezedwa kwa eni ake pamodzi ndi mayankho oona kuti mwana aliyense adzichongere yekha. Poyerekeza mapepala awiriwo kunaoneka amene anasintha mayankho ake. Chodabwitsa chinali chakuti anawo sanagawanike m'magulu awiri, la okhulupirika ndi la onyenga. Kunali kovuta kudziwiratu ngati mwana wobera masamu adzaberanso pa masewera, kapena ngati wosakhudza ndalama adzanena zoona pa zina. Kuloweza malamulo a makhalidwe abwino kunathandiza pang'ono chabe. Chimene chinaoneka champhamvu ndicho gulu, pakuti ana a kalasi imodzi anali kufanana kwambiri pa kubera kapena kusabera kwao.

Wina anganene kuti amenewo anali ana, mitima yao inali isanakhwime. Tsono nayi nkhani ya akulu. M'chaka cha 1973 John Darley ndi Daniel Batson anafalitsa zimene anapeza pa sukulu ya ubusa ya Princeton, ku America komweko. Ophunzira ubusa 40 anatumidwa mmodzimmodzi kukakamba nkhani m'nyumba ina, ndipo ena mwa iwo anauzidwa kuti akakambe za fanizo la Msamariya Wachifundo. Ena anauzidwa kuti achedwa kale, ena kuti nthawi yangokwana, ndipo ena kuti nthawi ikadalipo. Panjira pao panali munthu woikidwapo dala, atakhala chogwa pakhomo, ali kutsokomola ndi kubuula. Mwa amene anali ndi nthawi, 63 pa 100 alionse anathandiza. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa, 10 okha pa 100. Mutu wa nkhani imene munthu anali kukakamba sunasinthe zambiri, ndipo panali ena amene anachita kumlumpha munthuyo pothamangira kukafotokoza za Msamariya. Anyamatawo sanali ouma mtima. Changu chinawaphimba m'maso, monga momwe chiphimbira kalaliki amene ayang'ana wotchi pamene nkhalamba yochokera kutali yaimirira pa zenera ndi mapepala ake.

Choopsa kopambana changu ndicho lamulo la wamkulu. M'chaka cha 1961, pa yunivesite ya Yale, Stanley Milgram anaitana amuna wamba, akalaliki, aphunzitsi ndi amalonda, nawauza kuti athandize kuphunzitsa munthu wina amene anali m'chipinda chapafupi. Wophunzirayo akalakwa yankho, iwo anali kuuzidwa kuti amlange ndi magetsi, kuyambira pa 15 volts ndi kumakwezabe kufikira 450 volts, mphamvu yoposa kutali magetsi a m'nyumba muno m'Malawi amene ali 230 volts. Magetsiwo sanali oona ndipo wophunzirayo anali kungochita sewero, koma olangawo sanauzidwe. Mwa amuna 40, amuna 26 anafika mpaka pa mapeto, ambiri a iwo ali kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, chifukwa chakuti bwana wovala chovala cha wasayansi anali kuwauza mofatsa kuti apitirize. Ofufuza a m'zaka zotsatira asonyeza kuti ena mwa amunawo anakaika ngati magetsiwo anali oona, ndipo ambiri adzudzula Milgram kaamba kozunza maganizo a anthu. Komabe pamene mbali ina ya ntchitoyi inabwerezedwa mosamala m'chaka cha 2006, anthu ambiri anamverabe.

Milgram anasintha kachitidwe kake kangapo, ndipo njira ziwiri mwa zimenezo ziyenera kudziwika kwa aliyense wogwira ntchito m'Boma. Pa njira yoyamba, munthu woyesedwayo anapatsidwa kantchito kapambali, monga kuwerenga mafunso, pamene wina ndiye anali kukanikiza magetsi. Pamenepo anthu 37 mwa 40 anakhalabe mpaka mapeto, pakuti aliyense anadziuza kuti dzanja lolanga silinali lake. Pa njira yachiwiri, woyesedwayo anakhala pamodzi ndi anzake awiri amene anakana kupitiriza. Pamenepo anthu 4 okha mwa 40 ndiwo anafika pa mapeto. Bwana anali yemweyo ndipo lamulo linali lomwelo, koma kuona mnzake akukana kunammasula munthu kuti amvere chikumbumtima chake.

Dziko la Malawi lidziwa mtengo wake wa zinthu zotere. M'chaka cha 2013 munaululika kuba kwa ndalama za Boma kumene kunatchedwa Cashgate, ndipo ofufuza mabuku a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonezedwa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. M'chaka cha 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anaululika, kotero kuti ana osalakwa analembanso m'chaka cha 2021. Amene anakonza zoipazo anali ndi zolinga zao, ndipo a mtundu umenewo ndiwo ntchito ya makhoti. Koma ndalama za Boma sizituluka ndi dzanja limodzi, ndipo pepala la mayeso silifika kwa mwana popanda kudutsa pamaso pa anthu. Wakuba adalira anthu abwino amene asaina mofulumira, amene aopa kufunsa bwana, ndi amene aona koma nadziuza kuti ntchito yao njapambali chabe.

Pali chodandaula chimene chiyenera kuyankhidwa. Anthu ena aopa kuti chiphunzitso chotere chipatsa wolakwa pothawira, kuti adzangonena kuti anatumidwa kapena kuti onse anali kuchita chomwecho. Mantha amenewo ngomveka, koma zimene anapeza akatswiriwo sizimasula munthu. Pa Yale pomwepo amuna 14 mwa 40 anakana, angakhale anamva mau a bwana yemweyo. Pa Princeton panali ofulumira ena amene anaimabe. Kusankha kunalipo kufikira pa mapeto. Ndipo munthu amene wadziwa m'mene changu, lamulo ndi gulu zimgwetsera mnzake ali ndi mlandu waukulu kopambana wosadziwa, pakuti waonetsedwa dzenje asanafikepo.

Chomwecho udindo woyamba uli pa akulu a maofesi ndi aphunzitsi akulu, amene akonza malo ogwiriramo anzao. Bwana amene abweretsa mapepala a malipiro nthawi yoweruka itayandikira, nafuna kuti asainidwe pompo, ali kupanga changu chonga cha ku Princeton, angakhale alibe cholinga choipa. Bwana amene akwiya pofunsidwa ali kuphunzitsa akalaliki ake kumvera kwa ku Yale. Mphunzitsi wamkulu amene atama kalasi kaamba ka chiwerengero cha okhoza chokha, osafunsa m'mene anakhozera, asadabwe pamene kubera kwasanduka mwambo wa sukulu yake, pakuti ana atsata zimene gulu lao lilola koposa zimene analoweza pa mzere wa m'mawa.

Wamng'ono pa ntchito nayenso ali ndi zida zake, ndipo nzosavuta. Angathe kupempha mwaulemu kuti lamulo lokaikitsa lilembedwe pa pepala, pakuti malamulo ambiri oipa afera pomwepo. Angathe kukana kusaina chimene sanawerenge, angakhale galimoto ili kudikira pabwalo. Angathe kufunsa mnzake wa pa tebulo lapafupi ngati nayenso waona chimene iye waona, popeza kawirikawiri anthu awiri kapena atatu akhala ali kukaika chinthu chimodzi aliyense payekha. Ndipo pamene nkhani yakula, bungwe la Anti-Corruption Bureau, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1995, lilipo kuti lilandire madandaulo otere.

Akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kalaliki kapena mphunzitsi amene amva za kugwa kwa mnzake achita bwino kufunsa kuti mnzakeyo anafulumizidwa ndi yani, anaopa yani, ndipo ndani amene anaona nakhala chete. Kenaka ayang'ane ngati zinthu zomwezo sizili pa tebulo lake lero.