Kanema Wosalankhula ndi Oimba Ake

Sabata ino tiyambe taika pambali za kuphika ndi kusoka, tikambirane za chionetsero china chachilendo chimene chimachitika m'mizinda ikuluikulu ya ku America ndi ku Ulaya. Chilipo chimene mayi wa pakhomo angatolepo.

Chionetserocho chimayenda motere. Anthu amalowa m'holo nakhala pa mipando monga achitira okaona kanema. Kutsogolo kuli chinsalu chachikulu choyera, ndipo kunsi kwa chinsalucho kwakhala oimba ndi zida zao: malimba a magetsi, zitoliro ndi malipenga, pamodzi ndi oimba pakamwa. Nyale zikazimitsidwa zithunzi zimayamba kuyenda pa chinsalu, koma mau a m'kanema muja atsekedwa. Nyimbo yonse imene anthu akumva ikuimbidwa pompo ndi anthu amene akuwaona ndi maso. Wotsogolera oimba amayang'anitsitsa chinsalu nthawi yonse, chifukwa akangotsalira pang'ono kapena kutsogola, nyimbo ndi zithunzi zisemphana.

Kanema wodziwika kwambiri amene amaonetsedwa m'njira imeneyi dzina lake ndi Koyaanisqatsi, ndipo anatuluka m'chaka cha 1982. Dzinali ndi la m'chilankhulo cha Ahopi, mtundu wa anthu a ku Arizona umene Azungu anaupeza uli kale m'dzikomo, ndipo litanthauza moyo wosokonekera, moyo wopendekeka ngati mtsuko wosakhazikika bwino pa nkhata. Kanemayu amatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka, koma mulibe munthu wolankhula, mulibe wosewera, mulibenso wofotokoza nkhani.

Anakonza kanemayu ndi a Godfrey Reggio, amene anakhala zaka 14 m'chipani cha abulazala a Chikatolika, m'moyo wa mapemphero ndi kukhala chete, nagwiranso ntchito pakati pa anyamata olowerera a mumzinda wa Santa Fe. Anajambula zithunzi ndi a Ron Fricke. Anapeka nyimbo ndi a Philip Glass, obadwa m'chaka cha 1937 ku Baltimore. Bambo ameneyu, ngakhale anaphunzira za nyimbo kwambiri, anakhala akuyendetsa takisi ndi kukonza mipope ya madzi mu New York mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pakuti nyimbo zake sizinali kumpatsa chakudya. Gulu lake, Philip Glass Ensemble, lakhala likuimba kunsi kwa chinsalu m'maiko ambiri, motsogozedwa ndi a Michael Riesman.

Nanga nyimbo zake n'zotani? Inu amene munakula mukusinja musavutike nazo. Mudziwa kuti nyimbo ya pamtondo ili ndi mau ochepa obwerezabwereza, ndipo misi iwiri ikamagwa mosinthana, wina amasintha kagundidwe pang'ono, nyimbo n'kukoma mwatsopano chikhalirecho ndi yomweyo. A Glass nawonso amatenga kachidutswa kakafupi ka nyimbo nakabwereza kambirimbiri, akuonjezapo kapena kuchotsapo pang'ono. Wosadekha amati palibe chikusintha. Wodekha amamva kusinthako, ndipo amazindikira kuti wafika patali osadziwa kuti wayenda liti.

Zithunzi zimayamba ndi zojambula za anthu akale pa thanthwe, kenaka zipululu, mapiri, madzi ndi mitambo yoyenda ngati mtsinje. Munthu saonekamo. Pambuyo pake makina okumba nthaka atulukira, mawaya a magetsi adutsa m'chipululu, mabomba aphulika. Nyimbo imene inayamba mwapansipansi ngati ya pamaliro imanka ikulirakulira.

Pali gawo lina limene liyenera kukhudza mtima wa mayi aliyense. Likuonetsa nyumba zosanja za Pruitt-Igoe mumzinda wa St. Louis. Nyumbazi zinalipo 33, iliyonse yosanjikizana ka 11, ndipo zinamangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti mabanja osauka akhale pabwino. Koma zikepe zake zinkaima pa nsanjika zina zokha, kotero kuti mayi wa mwana m'manja ndi katundu anali kutsiriza ulendo pa masitepe a mdima. Ndalama zokonzera zoonongeka zinasowa, anthu anayamba kusamuka, ndipo m'chaka cha 1972 boma linayamba kuzigwetsa ndi mabomba. Pa chinsalu mumaona mazenera osweka, malo osewerera ana opanda mwana ndi mmodzi yemwe, kenaka nyumbazo zikugwa mu fumbi. Palibe wokuuzani kuti mumve chisoni, koma funso limabwera lokha: kodi omanga aja anawafunsa amayi amene adzakhalemo?

Gawo lalitali koposa, la mphindi ngati 20, ndi la mzinda. Apa zithunzi azithamangitsa. Magalimoto a usiku asanduka mizere ya moto, yofiira ndi yoyera. Anthu akukhuthuka m'sitima ngati nyerere. Amayi akusoka zovala m'fakitale, manja ao osaoneka bwino chifukwa cha liwiro. Makina akulavula masoseji m'mizere, ndipo pomwepo tionetsedwa anthu akukwera masitepe oyenda okha, m'mizere yofanana ndi ya masoseji ija. Oimba nawo amakhetsa thukuta pamenepa, zala zikuthamanga osapuma, oomba zitoliro akulimbana ndi mpweya. Ubwino woimba pamaso pa anthu uli apa, pakuti oonerera amaona ndi maso ao kuti liwiro la makina limatopetsa thupi la munthu. Tsono mwadzidzidzi zonse zimadekha, ndipo tiona nkhope za anthu mumsewu mmodzimmodzi, okalamba, odwala, otopa. Pomaliza roketi ikwera kumwamba, iphulika, ndipo chidutswa chake choyaka chigwa pang'onopang'ono nyimbo ya poyamba ija ikubwereranso.

Amayi anzanga, mizinda ya pa chinsalupo ndi ya ku America, koma kuthamangako tikukudziwa. Ndani mwa ife sadzuka tambala asanalire, kukoleza moto, kusambitsa ana, kuthamangira ku msika kapena ku ntchito, nabwerera dzuwa litalowa? Pa misonkhano ya magulu athu ndimaona amayi ofika mochedwa nachoka mwamsanga, ndipo wina akamafotokoza vuto lake, ena maso ali pa foni. Mayi angathe kubwera ku gulu mwezi wathunthu ali ndi chisoni pankhope popanda womufunsa. Mwana angathe kusiya kudya bwino, kapena mtsikana kusiya kuseka, ife osaona kanthu kufikira zinthu zitaipa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu a m'holo muja amalipira ndalama kuti akhale chete ola limodzi ndi theka akupenya ndi kumvetsera, ndipo amazindikira za moyo wao zimene masiku onse amazidutsa osaziona.

Ife sitisowa tikiti kuti tichite chimodzimodzi. Ndikupempha atsogoleri a magulu kuti pa msonkhano ukudzawu mupatule mphindi 15 zoyamba, mafoni ali m'zikwama, aliyense anene mmene wakhalira sabata yonse, ena akumvetsera osamdula mau. Kunyumba nakonso, mukatha chakudya cha madzulo, tsekani wailesi kanthawi mukhale ndi ana pamphasa. Musawafunse mafunso ambiri. Ingowayang'anani ndi kumvetsera mmene akulankhulira. Poyamba mudzaona ngati mukutaya nthawi, monga momwe wosazolowera amaonera nyimbo za a Glass, koma pakutha milungu iwiri kapena itatu mudzayamba kudziwa amene ali ndi kanthu mumtima.

Mukayesa, tilembereni kalata mutiuze mmene zayendera m'gulu lanu. Tsalani bwino, tidzakumananso sabata ya mawa.