Cizungu Siciloŵa na Cikwapu

Ku Pakistan, mwana wa ku Karachi akayamba galamala ya Cizungu, mabuku ambiri amamufotokozera m'Ciurdu. Amamuonetsa kuti m'cinenero cake mneni amabwera kumapeto kwa ciganizo, pomwe m'Cizungu amakhala pakati, ndiponso kuti "the" kwao kulibe. Ciganizo cikathera na "ta hai", mwana adziŵa kale kuti afunika present tense. Ena amanyoza njira iyi, ati ni kuloweza cabe. Kuloweza kulipo, inde, koma ife tikana kuti cinenero ca panyumba ndico ciononga Cizungu.

Onani liu lakuti "woh". Limaimira mwamuna kapena mkazi, monga "iye" wathu. Ndiye cifukwa cake mwana wa ku Karachi amati "he" ponena amai ake, cimodzimodzi wa ku Matero. Mphunzitsi wodziŵa cinenero ca mwanayo angamuonetse msanga pomwe papindika. Ife anali kutilemba maina tikakamba "vernacular", n'kutipatsa tsace tikasese pabwalo, osatiuza gwero la colakwa. Lero anzathu akatuma foni pa wailesi, "he" na "she" zikali kuwapunthwitsa, ndipo ndife tomwe timayamba kuwaseka.