Chipangizo Choyezera Chivomezi Chiikidwe Pati?

Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, momwe nthaka imang'ambika pang'onopang'ono. Chivomezi cha ku Salima m'chaka cha 1989 ndi zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zidagwetsa nyumba ndi kupha anthu. N'chifukwa chake tikuti mphunzitsi wa sayansi amene wapanga chipangizo choyezera chivomezi pamodzi ndi ana ake wachita bwino. Komabe ntchito yaikulu ili pa kuchiika, ndipo mpamene ambiri amapupuluma.

Chipangizo chosavuta, chimene James Lehman adachitchukitsa m'chaka cha 1979, chili ndi mkono wachitsulo wogona, wolemera kunsonga, umene umayenda ngati chitseko. Mkonowu umamva kugwedezeka kochokera m'mbali mwake mokha. Ukaloza kumpoto ndi kummwera, umalemba kuyenda kwa nthaka kwa kum'mawa ndi kumadzulo. Tsono mwana aliyense adziwe kumene mkonowo waloza, ndipo zilembedwe m'buku. Kampasi imanama ikayandikira chitsulo kapena maginito. Nkwabwino kuzika ndodo pabwalo ndi kuona chithunzithunzi chake pamene chafupikitsitsa masana, pakuti mzere umenewo ndiwo woona wa kumpoto ndi kummwera.

Ena amati chipangizo chikhale patebulo mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, kuopa akuba. Nkhawa yawo tikuimvetsa, koma tebulo limagwedera, ndipo chimene chidzalembedwe ndi mapazi a alendo. Malo oyenera ndi pansi pa simenti yolimba, pangodya ya chipinda chokhoma chimene anthu salowamo kawirikawiri, kutali ndi msewu ndi chigayo. Chikhale pa miyendo itatu yokhoza kukwezedwa ndi kutsitsidwa, kufikira mkono ukamabwerera wokha pakati. Chivundikiridwe ndi bokosi, chifukwa mphepo ndi dzuwa zimasuntha mkono. Kachitsulo komizidwa m'mafuta kamaletsa mkono kuyendayenda nthawi yaitali. Wotchi nayo ikhale yolondola, popeza mphindi yolakwika imaononga zonse zolembedwa.

Inu aphunzitsi a mawa, musachite zimenezi nokha ana atapita kwawo. Aloleni ayese malo awiri kapena atatu, adumphe pafupi ndi chipangizo, aone kusiyana kwa mizere, ndipo asankhe okha malo abwino. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene waphunzira kusiyanitsa phazi la mnzake ndi kugwedezeka kwa dziko waphunzira sayansi yeniyeni.