Mpweya wa m'Labotale Uli ndi Mtengo Wake

Aliyense amene anaphunzitsapo sayansi m'sukulu ya sekondale amalidziwa fungo la klorini. Limalasa m'mphuno, ndipo ana okhala kutsogolo amayamba kutsokomola mphunzitsi asanatchule n'komwe dzina la mpweyawo. Ine ndinayamba kuliopa fungoli tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, pamene ndinkaonetsa ana a Folomu 3 kapangidwe ka klorini m'chipinda chimene mazenera ake a mbali imodzi anali okhomedwa ndi misomali poopa akuba. Mtsikana wina wodwala mphumu tinamtulutsa chonyamula. Kuchokera tsiku limenelo, ndikalowa m'labotale iliyonse funso langa loyamba limakhala lakuti mpweya ukulowera pati ndipo ukutulukira pati.

Funso lomweli likuwasautsa anzathu a m'mayiko olemera, koma iwo likuwasautsa m'thumba. M'ofesi, mpweya umene waziziritsidwa kapena kutenthetsedwa ndi makina ungathe kubwezedwanso m'chipinda. M'labotale ya mankhwala zimenezi n'zosaloledwa, pakuti mpweyawo ungakhale utatenga poizoni. Tsono wonse umatayidwa kunja, wina watsopano n'kukokedwa, ndipo m'malabotale ambiri kusinthaku kumachitika ka 6 mpaka ka 12 pa ola, usana ndi usiku, muli anthu ngakhale mulibe. Chimene chimameza mpweya wambiri ndi kabati yotulutsira utsi, ija ya chitseko cha galasi chokwera ndi kutsika, imene imakoka mpweya pa liwiro la pafupifupi theka la mita pa sekondi. M'chaka cha 2005, Evan Mills ndi Dale Sartor a ku Lawrence Berkeley National Laboratory anawerengera kuti kabati imodzi yotere imadya mphamvu yofanana ndi ya nyumba zitatu ndi theka za ku America. Tangoganizani, awerengi, yunivesite yokhala ndi makabati mazanamazana.

Mankhwala a vutoli sanali ozizwitsa ayi. Chaka chomwecho a dipatimenti ya kemisitili ku Harvard anayambitsa mpikisano wolimbikitsa ofufuza kutsitsa chitseko cha kabati akamaliza ntchito. Pa makabati amene makina ake amachepetsa kukoka chitseko chikatsika, chizolowezi chaching'onochi chimapulumutsa ndalama zambiri, ndiponso chimateteza nkhope ya munthu botolo likaphulika. Ku University of California, Irvine, kuyambira 2008 anaika tizipangizo tonunkhiza mpweya: ukakhala woyera, umasinthidwa ka 4 pa ola muli anthu ndi ka 2 mulibe, koma mankhwala akatayika makina amathamanga mpaka chipinda chitayera. M'nyumba zimene anazikonza motero, mphamvu yogwiritsidwa ntchito inatsika kuposa theka. Ana anga a fizikisi sangadabwe nazo, chifukwa fani ikamazungulira pa theka la liwiro lake imafuna gawo limodzi lokha mwa magawo 8 a magetsi amene imadya ikathamanga kotheratu.

Nanga ife kuno titengepo chiyani? Chisanu cha ku Massachusetts tilibe. Chathu ndi kutentha, fumbi, ndi magetsi osadalirika. Koma tili ndi chilakolako chimene ndimachiona pa mapulani a nyumba zatsopano: khoma la galasi, mazenera osatseguka, ndi makina oziziritsa mpweya pakhoma lililonse. Pa tsiku lodula riboni nyumba yotere imakongola ndithu, koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina oziziritsa a pakhoma aja amangozunguza mpweya womwewo m'chipinda, satulutsa utsi. Ndipo magetsi akathima, monga anathimira kwa miyezi yambiri namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, chipinda chosatseguka chimasanduka uvuni imene munthu wanzeru sangatsegulemo botolo la asidi.

Pali umboni wochokera ku dziko losasiyana kwambiri ndi lathu. M'chaka cha 2007, Roderick Escombe ndi anzake anafalitsa zimene anayeza m'zipatala za ku Lima, m'dziko la Peru. Anapeza kuti kungotsegula mazenera ndi zitseko kunkasintha mpweya pafupifupi ka 28 pa ola, kuposa kuwirikiza kawiri ka 12 kamene kamafunika m'zipinda za makina zogonekamo odwala chifuwa chachikulu. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti nyumba zakale, za denga lalitali ndi mazenera aakulu, zinkafika ka 40, pamene zatsopano zinkangofika ka 17. Amisiri akale aja analibe makina, choncho ankaiganizira mphepo asanakumbe maziko. Nalo bungwe la zaumoyo la WHO, m'malangizo ake a 2012, linavomereza kuti malo oyezera makhololo pa maikulosikopu angathe kudalira mphepo ya m'mazenera, malinga ngati ikuchokera kumbuyo kwa woyezayo, kudutsa pa tebulo, n'kutuluka kunja kopanda anthu.

Pano ndiyenera kuchenjeza, kuopa kuti wina angandimve molakwa. Zenera si yankho la ntchito iliyonse. Kumene amameretsa tizilombo ta chifuwa chachikulu pamafunika kabati yapadera yosefa mpweya ndi makina osalekeza, ndipo woumira ndalama pamenepo akusewera ndi moyo wa anthu. Mphepo nayo ili ndi mwano: imaleka masana kukatentha, kapena kutembenuka n'kubwezera utsi kumaso. Zipangizo zina, monga makina a GeneXpert oyezera chifuwa chachikulu, sizifuna kutentha kopitirira madigiri 30. Komatu zimenezi zikutiuza kuti tiziziziritsa kachipinda kamodzi kosungiramo zipangizo zotere, kamene magetsi a dzuwa angakwanitse, m'malo moziziritsa nyumba yonse pamodzi ndi makonde ake.

Choncho tikupempha makomiti a sukulu ndi onse ovomereza mapulani a malabotale kuti azifunsa mafunso asanasaine. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lisalase m'mazenera. Denga likhale lalitali, la siling'i, lotulukira kunja mokwanira kupereka mthunzi. Mazenera akhale mbali zonse ziwiri, moyang'anizana. Mabowo a mpweya akhale m'mwamba ndi m'munsi momwe, pakuti amoniya ndi wopepuka ndipo amakwera, pamene klorini amalemera kuposa mpweya wamba kawiri ndi theka ndipo amayenda pansi ngati madzi. Ngati pali ndalama ya fani imodzi yokha, ikhale yotulutsa utsi m'kabati, ndipo paipi yake ipitirire denga, isathere pafupi ndi zenera la kalasi yoyandikana nayo.

M'chipinda changa chija misomali tinaizula, makolo anasonkha ndalama ya zitsulo zotchinga akuba, ndipo mazenera onse amatseguka. Kabati yotulutsira utsi sitinaipezebe. Klorini ndimapangira pakhonde, pang'ono chabe, ana ataima kumene mphepo ikuchokera, ndipo tsiku lopanda mphepo phunzirolo limadikira mawa.