NAMBALA YA MWALA NDI NAMBALA YA TIYI WATHU

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu,

Ambiri a ife tili ndi agogo kapena amalume amene anathawa thangata m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo, napita kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia. Ena a iwo anakalowa m'migodi ya ku Selukwe, kumene lero akuti Shurugwi, nakumba mwala wakuda wolemera wotchedwa chrome. Ena anabwerako ndi njinga ndi bulangeti, ena anatchona. Koma ndi ochepa amene anauzidwa kumene mwalawo unali kupita ndi amene unali kuwalemeretsa. Akulu anati safunsa anadya phula. Tsono ife lero tifunse.

Katundu aliyense wodutsa malire a dziko amalembedwa ndi akasitomu, ndipo samulemba ndi dzina lokha ayi, koma ndi nambala. Kuyambira chaka cha 1988 maiko akhala akutsata buku limodzi la manambala lotchedwa Harmonized System, limene amalisunga a bungwe la akasitomu a dziko lonse ku Brussels. M'bukumo, mwala wa chrome monga wachokera pansi, kapena wongotsukidwa, nambala yake ndi 2610. Ukasungunulidwa m'ng'anjo ndi kusanduka ferrochrome, umalowa pa nambala 7202 pamodzi ndi zitsulo. Ferrochrome ameneyu ndiye amapangira chitsulo chosachita dzimbiri, chija cha masupuni, mipeni ndi zida za kuchipatala. Pakati pa manambala awiriwa pali ng'anjo, magetsi ndi malipiro a amisiri. Chotero dziko logulitsa pa 2610 limapereka ntchito zonsezo kwa ana a eni ake.

Musayese kuti izi ndi za makalaliki okha. Ian Smith atalengeza yekha kuti Rhodesia ndi dziko lodziimira palokha mu 1965, bungwe la United Nations linaletsa maiko mu December 1966 kugula katundu wina wa kumeneko, ndipo chrome anali pa mndandandawo pamodzi ndi fodya ndi shuga. Koma mu 1971 nyumba ya malamulo ya ku America inapanga lamulo lodziwika ndi dzina la Senator Harry Byrd, loti chrome ndi katundu wofunika pa chitetezo cha dziko lawo, ndipo mwalawo unayambanso kulowa ku America kufikira lamulolo linachotsedwa mu 1977. Taonani mphamvu ya cholembera! Wokumba anali mbale wathu, koma woutcha dzina mwalawo anali wina, kutsidya kwa nyanja.

Anzathu a ku Zimbabwe anaziona zimenezi. Mu 2011 boma lawo linaletsa kutulutsa chrome wosasungunula, koma mu 2015 linachotsa chiletsocho, pakuti ng'anjo zinali zosakwanira ndipo okumba ang'onoang'ono anasowa kogulitsa. Mu 2021 linalamulanso chiletso. Apa tiphunzirepo kuti kuletsa kokha sikuphula kanthu ngati ng'anjo ndi magetsi palibe.

Kodi tsono ife a kuno, amene sitikumba chrome, zikutikhudza bwanji? Tiyi wathu nayenso ali ndi manambala ake. Tiyi wakuda wa m'mapaketi osapitirira makilogalamu 3 amalembedwa 0902.30, pamene wa m'matumba akuluakulu amalembedwa 0902.40. Tiyi wambiri wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, kaya wagulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe kaya mwachindunji, amatuluka m'matumba akuluakulu kupita ku Britain, ku South Africa ndi kwina. Kumeneko amamusakaniza ndi tiyi wa maiko ena, namuika m'timapaketi tokongola, namutcha dzina lina. Mayi amene analawirira m'mame ndi dengu kumsana satchulidwa konse, ndipo phindu lalikulu limatsala kumene kuli paketi.

Chifukwa chake pa msonkhano wathu ukudzawu tipempha zinthu zitatu. Choyamba, phungu wathu akafunse ku Nyumba ya Malamulo kuchuluka kwa tiyi amene amatuluka pa 0902.30 ndi amene amatuluka pa 0902.40 chaka chilichonse, pakuti a Malawi Revenue Authority amalemba zonsezi pachipata. Chachiwiri, Boma lithandize alimi ang'onoang'ono a tiyi kupeza makina ndi magetsi odalirika, kuti tiyi wina aziikidwa m'mapaketi konkuno ndi dzina la Thyolo. Chachitatu, aphunzitsi tiwaphunzitse ana athu kuwerenga mapepala a malonda, osati kuthyola masamba kokha.

Mutu umodzi susenza denga. Bwerani nonse, amuna ndi amayi, a m'makomboni ndi a m'midzi, ndipo amene muli ndi agogo anakumbako mwala uja mubwere nawo adzatiuze zimene anaona.

Kwacha!

Mlembi wa Nthambi